Buledi masana, mbatatesi 6 koloko: zimene Mdatchi amakumana nazo akachoka kwawo

Mu Meyi 2022 pa intaneti panabuka mkangano umene unayambira pa kankhani kakang'ono. Munthu wina analemba pa Reddit, tsamba limene anthu amakambirana nkhani zosiyanasiyana, kuti ali mwana anapita kukasewera kwa mnzake wa ku Sweden, ndipo chakudya chitapsa anamuuza kuti adikire kuchipinda mpaka banjalo limalize kudya. Nkhaniyi itafika pa Twitter, anthu a ku Africa, ku Asia ndi kum'mwera kwa Ulaya anagwira pakamwa. Mwana wa eni kumusiya ndi njala, fungo la ndiwo likumupeza? Pakati pa phokosolo, anthu ambiri a ku Netherlands, amene timawatcha Adatchi, anavomera kuti nakonso kwawo zoterezi n'zodziwika. Ali ndi mawu amene mwana aliyense amawamvetsa, akuti we gaan zo eten, kutanthauza kuti "tatsala pang'ono kudya". Mayi wa pakhomo akatero, mwana wobwera kudzasewera amadziwa kuti nthawi yopita kwawo yakwana.

Kwathu kuno mawu omwewo ndi oletsa munthu kuchoka. Akakuuzani kuti nsima ili pamoto, mumakhala pansi, mufune musafune.

Nanga munthu amene anakula ndi mawu amenewo m'makutu, zimamuyendera bwanji akapita kukakhala kwa eni? Adatchi ndi anthu oyenda. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, zikwi mazana angapo anasamukira ku Canada, Australia, America, New Zealand ndi South Africa, boma lawo likuwalimbikitsa. Lero ambiri amachoka chifukwa cha ntchito, ndipo amatchedwa ma expat, kutanthauza anthu okhala kunja kwa dziko lawo kwa zaka zingapo koma mtima uli wodzabwerera. Ku Malawi timawaona m'zipatala za mishoni, m'masukulu ndi m'mabungwe a zamadzi ndi zaulimi. Tisawasokoneze ndi "Adatchi" amene agogo athu ankanena: amishonale a Dutch Reformed amene anafika ku Mvera mu 1889 anachokera ku Cape, ku South Africa.

Kusokonekera kwa mlendo

Akatswiri amatcha vutoli culture shock, kapena kuti kusokonekera kumene munthu amamva zizindikiro zonse zimene anazolowera zikasiya kugwira ntchito. Amene anatchukitsa mawuwa ndi Kalervo Oberg, katswiri wa zachikhalidwe wobadwira ku Canada, poyamba m'nkhani imene anakamba ku Rio de Janeiro mu 1954, kenako m'zolemba zake za mu 1960. Iye anati mlendo amayamba ndi kusangalala ndi chilichonse, kenako amatopa n'kuyamba kuipidwa ndi eni dziko, pambuyo pake amayamba kumvetsa, mpaka kudzazolowera.

Mkamwini watsopano amazidziwa zimenezi ngakhale sanawerenge buku. Kudya amadziwa, kupereka moni amadziwa, koma pamudzi pa akazi ake sadziwa pokhala, sadziwa woyamba kumulonjera, sadziwa ngati kumaliza ndiwo m'mbale ndi ulemu kapena umbombo. Chotopetsa n'chakuti tinthu timene kwawo ankachita osaganiza, tsopano akufunika kutiganizira kamodzikamodzi, tsiku lonse. Ndipo palibe pamene izi zimaonekera msanga kuposa pa chakudya, chifukwa munthu amadya katatu patsiku.

Tsiku la Mdatchi patebulo

Kadzutsa wake ndi buledi wodulidwa, wopaka batala, pamwamba tchizi, chiponde kapena hagelslag. Hagelslag ndi timibulu ta chokoleti tonga mpunga woswekasweka, ndipo dzinalo limachokera ku mawu otanthauza matalala. Amadya ana ndi akulu omwe, popanda wochita nazo manyazi.

Nkhomaliro ndi buledi yemweyo. Amamukonzeratu m'mawa, n'kumuika m'kabokosi, ndipo pakati pa 12 koloko ndi 1 koloko amadya kwa mphindi 30, kumwera mkaka kapena karnemelk, umene ndi mkaka wowawasa wofanana ndi chambiko koma wamadzimadzi. Bwana wa kampani ndi mesenjala amadya zofanana. Chakudya chotentha chimabwera kamodzi basi patsiku, cha m'ma 6 koloko madzulo, ndipo chachikhalidwe ali nacho ndi dzina lachidule, AVG, zilembo zoyamba za mawu awo otanthauza mbatatesi, nyama ndi masamba. Kale alimi ankadya chotenthacho masana, koma ntchito za m'mafakitale ndi m'maofesi zinachikankhira madzulo.

Tayang'anitsitsani mbale yake m'nyengo yozizira. Muli stamppot, mbatatesi zophika zosinjidwa pamodzi ndi masamba onga repu, pambali soseji yofukiza. Asanayambe kudya, amatenga supuni n'kukumba kadzenje pakati pa muluwo, n'kuthiramo msuzi. Amene anaboolapo mbamu ya nsima ndi chala chachikulu kuti atapire msuzi wa nyemba akudziwa chimene dzanja la Mdatchiyo likufuna.

Kusiyana kwenikweni kuli m'poto. Wophika wa ku Netherlands amawerenga. Pakhomo pa anthu anayi amagula zidutswa zinayi za nyama, amasenda mbatatesi zokwanira anthu anayi, ndipo aliyense amalandira zake m'mbale yakeyake. Wachisanu akatulukira mwadzidzidzi, masamu onse asokonekera: kapena wina agawe chidutswa chake, kapena mlendo aone kuti sanamuwerengere, zimene kwa iwo n'zochititsa manyazi mbali zonse. Nsima ilibe vuto limeneli. Mayi amawonjezera madzi ndi ufa, mitanda imachuluka, ndiwo za m'mbale imodzi zimakwanira manja onse amene apisamo. Ndimaona kuti ambiri amene anakwiya pa mkangano wa 2022 uja sanaganizire mbali imeneyi. Palinso china: mayi wachidatchi amaganiza kuti mayi mnzake waphikira kale mwana wakeyo, choncho kumudyetsa osafunsa n'kuwononga chakudya cha mnzake komanso kulowerera za banja la eni.

Zinachokera kuti?

Olemba mbiri amatchula zifukwa zingapo, aliyense n'kutsindika chake. Choyamba ndi madzi. Dziko la Netherlands ndi laling'ono, silifika theka la Malawi, koma muli anthu oposa 18 miliyoni, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nthaka yake lili pansi poyerekeza ndi nyanja. Kuyambira zaka za m'ma 1200, midzi inkapanga mabungwe oyang'anira zipupa zotchinga madzi, ndipo aliyense ankayenera kusamalira chigawo chake pa nthawi yake. Mmodzi akachita ulesi, onse amamira. Mu 1953 nyanja itagumula zipupazo, anthu 1,836 anafa. Anthu okhala motere amaphunzira kukonzekeratu, kusunga pangano ndi kuuzana zoona msanga.

Chachiwiri ndi malonda. Amsterdam unali mzinda wa amalonda, kumene VOC, kampani yochita malonda ndi mayiko a ku Asia yokhazikitsidwa mu 1602, inkagulitsa masheya, ndipo munthu ankalemekezedwa chifukwa cha mabuku ake a ndalama olongosoka. Chachitatu ndi chiphunzitso cha John Calvin chimene chinazika mizu makamaka kumpoto, cholimbikitsa kudziletsa ndi kudana ndi kudzionetsera. Lero Adatchi oposa theka sali mumpingo uliwonse, koma khalidwelo linatsala. Kum'mwera kwa dzikolo, kumene kunali Akatolika ambiri, anthu amadziwika kuti amakonda madyerero kuposa anzawo akumpoto.

Ndiye pali njala. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, asilikali a Germany atatsekereza njira za chakudya, anthu pafupifupi 20,000 anafa ndi njala kumadzulo kwa dzikolo. Ena anapulumuka podya mizu ya maluwa a tulip. Ana a nthawi imeneyo ndiwo anadzalera makolo a Adatchi a lero, ndipo lamulo lawo la patebulo linali limodzi: maliza zonse za m'mbale yako. Amene anamva agogo akusimba za njala ya 1949 sangadabwe kuti chaka chimodzi chingasinthe kadyedwe ka mibadwo itatu.

Akafika kwa eni

Sayenera kupita kutali kuti adabwe. Ku Spain nkhomaliro imadyedwa cha m'ma 2 kapena 3 koloko, yotentha, ndipo mgonero ndi 9 kapena 10 koloko usiku. Mdatchi akafika pa lesitilanti 6 koloko, m'mimba mukulira, amapeza khitchini isanatsegulidwe. Ku France ndi ku Italy anzake a kuntchito amakhala patebulo ola lathunthu kapena kuposa, ndipo nkhani zofunika zimakambidwa pamenepo. Wotsalira muofesi ndi kabokosi kake ka buledi amaganiza kuti akupulumutsa nthawi, osadziwa kuti zosankha zikupangidwa iye kulibe.

Tsopano taganizirani dokotala wachidatchi amene wangofika pachipatala cha kumudzi kuno, ndipo namwino wamuitanira kunyumba Lamlungu. Amuuza kuti 12 koloko, iye afika 12 koloko yeniyeni, n'kupeza nkhuku ikuthamangitsidwa kumene kuseri kwa khola. Amukhazika pampando wabwino kuposa yonse. Patapita maola awiri, mtsikana abwera ndi beseni ndi jagi, agwada, amuthirira madzi m'manja. Dokotalayo mtima uli phaphapha, akufuna kumudzutsa mwanayo, chifukwa kwawo palibe munthu amagwadira mnzake. M'mbale apeza nthutumba, osadziwa kuti imeneyo ndiyo umboni woti nkhuku yonse yaphedwera iye. Afunsa kuti amayi ndi ana adyera kuti, amuyankha kuti adya kukhitchini, iye n'kumva chisoni pa chinthu chimene eni nyumba akuchiona ngati ulemu. Amaliza mtanda wake wonse monga anamuphunzitsira amayi ake, ndipo nthawi yomweyo amuwonjezera wina, poganiza kuti sanakhute. Potsanzikana amupatsa kamba wa mtedza ndi nthochi, n'kumuperekeza mpaka pamsewu.

Lolemba zinthu zitembenuka. Anamwino amuona akudya buledi wozizira ndi chiponde masana, ali yekha, osaitana aliyense. Ayamba kufunsana: kodi adokotala akudwala? Kapena alibe wowaphikira? Kwa ife munthu amene sanadye nsima sanadye, ngakhale atamaliza lofu yathunthu. Wina mwachifundo amuitana kuti adzadye nawo, iye ayankha mwaulemu kuti zikomo, ndadya kale. Wanena zoona. Koma woitanayo sankafunsa za m'mimba, ankatambasula dzanja la ubale, ndipo kungotsina pang'ono kukanakwanira.

Ngongole yotsekedwa ndi ngongole yosiyidwa dala

Mu 2016 banki ya ABN AMRO inatulutsa pulogalamu ya pafoni yotchedwa Tikkie. Munthu akalipirira anzake chakudya, amawatumizira uthenga pa WhatsApp wokhala ndi ndalama imene aliyense ayenera kubweza, iwo n'kulipira pompopompo, monga timatumizirana pa Airtel Money kapena Mpamba. Dzinalo linalowa m'chilankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku, ndipo kutumizirana Tikkie ya kapu imodzi ya khofi si nkhani yodabwitsa. Ngakhale Angerezi ali ndi mawu akuti going Dutch, onena za kudya pamodzi aliyense n'kulipira zake.

Ambiri amathamangira kunena kuti uku n'kuumira, koma maganizo a Mdatchi ndi akuti anthu awiri amakhala ofanana ngati palibe amene ali ndi ngongole kwa mnzake. Kubweza msanga n'kumasula mnzako kuti asakuope, asakugwadire, athe kukutsutsa mawa. Ife timati kupatsa n'kuika. Ndikakugulira fanta lero sindiyembekeza ndalama madzulo, ndasungitsa kanthu kwa iwe, ndipo ngongole yosatsekedwayo ndiyo chingwe chotimanga. Wondibwezera pomwepo amakhala ngati wadula chingwecho.

Kupatsa kwa Adatchi kumadutsa njira ina, ya misonkho yokwera ndi mabungwe. Tsunami ya mu 2004 itachitika ku Asia, anasonkha mayuro oposa 200 miliyoni kudzera mu thumba lawo la Giro 555. Munthu yemweyo amene amapereka mwezi ndi mwezi ku bungwe lothandiza ovutika amasowa chonena mlonda wake akamupempha ndalama ya feteleza, chifukwa kwawo wovutika amapita ku ofesi ya boma, sapita kwa bwana wake. Kuno bwana ndi mbali ya chitetezo cha banja la wantchito, ndipo zimenezi amaziphunzira mochedwa.

Dayale ndi maliro

Ku Netherlands kuchezerana kumalembedwa m'dayale. Mnzako wapamtima ukamufuna, atsegula foni n'kukupatsa Lachinayi la sabata yachitatu. Kungofika pakhomo n'kuodira kumaonedwa ngati kulanda nthawi ya eni. Mlendo woitanidwa kudzamwa khofi 8 koloko madzulo amadziwa kuti eni adya kale, alandira khofi ndi bisiketi. Masiku obadwa a abale amalembedwa pa kalendala imene kawirikawiri imapachikidwa m'chimbudzi kuti asaiwale, ndipo mwini tsikulo ndi amene amabweretsa keke kuntchito. Nthawi ya pakhomo amaiteteza kwambiri. Mu European Union, dzikoli ndi limene lili ndi gawo lalikulu kwambiri la antchito ogwira maola ochepa pasabata, ndipo abambo ambiri ali ndi tsiku lapadera lolera ana.

Katswiri wa ku America, Edward T. Hall, anasiyanitsa anthu amene amaona nthawi ngati mzere, chinthu chimodzi chithe kenako china, ndi amene amachita zambiri nthawi imodzi n'kuika munthu amene ali pamaso pawo patsogolo pa wotchi. Adatchi ali m'gulu loyamba. N'chifukwa chake amalowa muofesi n'kuyamba ndi chimene abwerera, pamene ife timayamba ndi mwadzuka bwanji, nanga kunyumba, nanga ana.

Pa maliro m'pamene kusiyanaku kumapweteka. Kwawo banja limatumiza makadi, mwambo umachitika patapita masiku angapo pa ola lodziwika, umatha mwina m'ola limodzi, anthu n'kumwa khofi ndi keke, ndipo mitembo yambiri masiku ano imawotchedwa. Kuno uthenga ukangomveka, makasu amaikidwa pansi, anthu amagona pasiwa, ndipo palibe amene amadikira kuitanidwa. Mdatchi woyang'anira ntchito amadabwa kuona theka la antchito kulibe chifukwa cha maliro a munthu amene si m'bale wawo weniweni. Antchitowo nawo amadabwa kuti bwana sanaoneke pamaliro a mayi a dalaivala wake. Iye ankaganiza kuti kupita osaitanidwa n'kusokoneza banja lolira.

Kusapsatira mawu

Geert Hofstede, katswiri wachidatchi amene anamwalira mu 2020, anafufuza maganizo a antchito a kampani ya IBM m'mayiko ambiri n'kupanga sikelo zoyerekezera zikhalidwe. Pa kafukufuku wake woyamba, Netherlands inapeza 80 pa nkhani ya munthu kudziimira payekha, imene ndi nambala yokwera kwambiri, ndi 38 pa nkhani ya kutalikirana kwa akulu ndi aang'ono, imene ndi yotsika. Manambala otere safotokoza munthu aliyense, ndipo akatswiri ena amawatsutsa, koma amathandiza kuona chithunzi.

Pansi pake pali mawu amene mwana wachidatchi amauzidwa kawirikawiri, doe normaal, kutanthauza kuti khala ngati anzako, usadzikweze. Mark Rutte, nduna yaikulu kuyambira 2010 mpaka 2024, ankapita kuntchito pa njinga yakapalasa, ndipo mu 2018 kanema anamuonetsa akukolopa yekha khofi amene anataya pansi. M'dziko la njinga zoposa 22 miliyoni, zochuluka kuposa anthu, kupalasa sikunena kanthu za thumba la munthu. Kuno mkulu wa bungwe akafika pamsonkhano wa mafumu atapalasa ngati wakabaza, ena amaona ngati wawapeputsa. Akauza wantchito wa m'nyumba kuti asiye kunena kuti bwana, azingomutchula dzina, amaganiza kuti wamukweza, pamene wamuika pamalo ovuta: atchula bwanji dzina la munthu womulipira, wamkulu kwa iye?

Pamsonkhano Mdatchi amanena kuti ganizo ili silabwino, pamaso pa onse, ngakhale mwini ganizolo ndi mkulu wake. Kwa iye kubisa maganizo n'kunyoza mnzako, ngati ukumuona kuti sangapirire choonadi. Ife timazungulira, timadikira anthu abalalike, timatuma wachitatu. Tikati "ndiona" kapena "ndiyesetsa", wa kuno amamva kuti zakanika, koma Mdatchi amalemba m'dayale kuti zatheka. Lachisanu likafika ntchito isanachitike, iye amati ananamizidwa, mnzakeyo amati ndinawauza mwaulemu koma sanamve. Onse awiri ankafuna kulemekezana.

Za m'sutikesi

Funsani Mdatchi aliyense wokhala kunja chimene abale amamubweretsera. Atchula tchizi cha Gouda ndi kachipangizo kochidulira mopyapyala, hagelslag, stroopwafel amene ndi mabisiketi awiri opyapyala omatidwa ndi manyuchi, ndi drop, maswiti akuda amene ena ndi amchere, oti mlendo akalawa koyamba nkhope imakwinyika. Pa 27 Epulo amavala zaolenji kukondwerera tsiku la mfumu yawo, ndipo pa 5 Disembala amafunafuna timabisiketi ta pepernoten kuti ana asaiwale Sinterklaas, nkhalamba ya m'mwambo wawo imene amati imabweretsera ana mphatso.

Zina zimene amazilakalaka zinachokera kwina. Indonesia inali pansi pa ulamuliro wawo mpaka m'ma 1940, Suriname mpaka 1975, ndipo anthu ochokera kumeneko anabweretsa mpunga wokazinga wotchedwa nasi goreng, buledi wopyapyala wa roti, tsabola wa sambal ndi msuzi wa mtedza umene lero Adatchi amathira ngakhale pa tchipisi. N'chifukwa chake ambiri akalawa nkhwani wotendera sachedwa kupempha wina. Lilime lawo limaidziwa kale nsinjiro.

Ndipo akakhala zaka zisanu kapena khumi kunja, kubwerera kumakhala ndi kusokonekera kwakenso, kumene akatswiri amati nthawi zina kumaposa koyamba, chifukwa munthu sayembekezera kukhala mlendo kwawo. Amalonjera anthu m'sitima, iwo n'kumuyang'ana modabwa. Amaphika mpunga wodzaza poto ngakhale pakhomo ali awiri, kuti mwina kubwera munthu. Tsiku lina amadutsa pafupi ndi nyumba ya mchemwali wake cha m'ma 5 koloko, n'kugogoda osaimba foni. Mchemwaliyo amasangalala kumuona, amamupangira khofi, koma maso akupita kukhitchini kumene mbatatesi za anthu anayi zili pamoto.